Mutu 11: Utsi wa Phiri ndi Njira za Mphepo

M'chaka cha 2005 akatswiri a sayansi ochokera m'mayiko angapo anakweza makina akuluakulu obowolera nthaka pa chombo cha Viphya n'kulowera nawo pakati pa Nyanja ya Malawi. Chimene ankafuna chinali matope. Pansi pa nyanjayi matope akhala akuunjikana chaka ndi chaka kuyambira kalekale, ndipo chilichonse chogwera m'madzimo, kaya mungu wa mitengo, mwaye wa moto wolusa kapena fumbi, chimakwiririka pamalo pake, chakale pansi, chatsopano pamwamba. Mu 2013 Christine Lane ndi anzake analengeza kuti m'matopewo, mamita oposa 25 kuchokera pamene madzi athera, anapezamo tizidutswa ta galasi tosaoneka ndi maso. Atatiyeza anapeza kuti ndi phulusa la phiri la Toba, la pachilumba cha Sumatra ku Indonesia, limene linaphulika zaka pafupifupi 74,000 zapitazo. Phulusalo linayenda mumlengalenga makilomita oposa 7,000, kuwoloka nyanja yonse ya Indian, n'kudzagwera kwathu kuno.

M'Malawi muno mulibe phiri lophulika. Mulanje ndi Zomba ndi miyala imene inazizirira pansi pa nthaka zaka mamiliyoni ambiri zapitazo, ndiye anthu a ku Likhubula agone tulo. Koma tikukhala m'mphepete mwa mng'alu waukulu wa kum'mawa kwa Africa, ndipo mng'aluwo sunafe. Chivomezi cha ku Salima cha mu Malichi 1989, zivomezi za ku Karonga za mu Disembala 2009, mawira a ku Chiweta, ku Nkhotakota ndi ku Liwonde, zonsezi ndi mbali ya nkhani imodzi. Amalonda opita ku Mbeya ndi ku Dar es Salaam akangowoloka Songwe n'kuyamba kukwera chitunda cha ku Tukuyu, amadutsa pakati pa mapiri atatu amene akatswiri amawaika m'gulu la amoyo: Rungwe, Ngozi ndi Kyejo. Kyejo anatulutsa chiphalaphala cha miyala yosungunuka cha m'ma 1800, zimene m'zaka za mapiri ndi dzulodzuloli. Nthochi ndi tiyi wobiriwira amene mumaona m'njiramo akudya chonde cha phulusa lakale.

Palinso Amalawi ena amene phiri lophulika analiona ndi maso, n'kupuma mpweya wake. Kuyambira mu 2013 asilikali athu akhala akutumizidwa kum'mawa kwa Congo, poyamba pansi pa bungwe la United Nations limodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa, kenaka pansi pa SADC kuyambira kumapeto kwa 2023 mpaka 2025. Ena mwa iwo akhalapo ku Goma ndi ku Sake, m'tsinde mwa Nyiragongo ndi Nyamuragira. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Goma molunjika ndi makilomita pafupifupi 1,450.

Chimene chimatuluka m'phiri

Anthu ambiri akamva za phiri lophulika amaganiza za moto ndi chiphalaphala. Chiphalaphala n'choopsa ndithu, koma chimatsata zigwa, chimaoneka, ndipo chikazizira chatha. Zimene zimavutitsa anthu miyezi ndi zaka ndi ziwiri: mpweya ndi phulusa.

Miyala yosungunuka ikakhala pansi kwambiri imakhala yopanikizika, ndipo mpweya umasungunukiramo. Ikamakwera kuyandikira kunja, kupanikizikako kumachepa ndipo mpweya umayamba kuthawa. Wochuluka ndi nthunzi yamadzi chabe. Wotsatira ndi carbon dioxide, kenaka sulfur dioxide, umene m'mutu uno tiziutcha mpweya wa sulufule. Pamakhalanso ina yochepa yokhala ndi klorini ndi fuloraidi. Phiri siliyenera kuphulika kuti litulutse zimenezi. Nyiragongo, phiri la mamita 3,470, kuposa Sapitwa, kwa zaka zambiri linali ndi dziwe la chiphalaphala chowira m'chigwembe cha pamwamba pake, ndipo linkatulutsa matani masauzande a mpweya wa sulufule tsiku lililonse, anthu a ku Goma akugulitsa malonda pamsika ngati palibe kanthu.

Fungo la mpweya wa sulufule mukulidziwa kale. Ndi lija limalasa m'mphuno mukangokhwatcha machesi. Musalisokoneze ndi fungo la dzira lovunda limene limamveka pa mawira ena. Limenelo ndi la mpweya wina, hydrogen sulfide. Mpweya wa sulufule ulibe mtundu, ndi wolemera kuposa kawiri mpweya wamba, ndipo umakonda madzi kwambiri. Ukafika ponyowa, monga m'maso, m'mphuno ndi pakhosi, umasungunuka n'kusanduka asidi. Maso amayabwa, misozi imatuluka, pakhosi pamakereketa. Munthu wathanzi amatsokomola n'kupitiriza ulendo. Wamphumu ndiye ali pangozi: njira za mpweya m'mapapo mwake zimatha kufinyika pasanathe mphindi 10, makamaka ngati akuthamanga kapena akugwira ntchito yolemetsa, chifukwa pamenepo amapumira kukamwa ndipo mphuno siithandizanso kusefa. Wopalasa kabaza pachitunda, mayi wosenza ndowa, mwana wothamangitsa mpira, amenewa ndi amene amameza wochuluka.

Bungwe la World Health Organization, m'malangizo ake a 2021, linati mpweya umenewu usapitirire mamaikulogalamu 40 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya poyeza tsiku lonse, ndiponso usapitirire 500 poyeza mphindi 10 zokha. Malirewo ndi awiri pa chifukwa chabwino. Tsiku lingaoneke labwinobwino pa avereji pamene mkati mwake munali theka la ola limene linagwetsa odwala mphumu onse a m'mudzimo.

Ukakhalitsa m'mwamba, mpweya wa sulufule umasakanikirana ndi chinyontho n'kusanduka timadontho ta asidi wa mtundu womwe uja ali mu batire ya galimoto, ngakhale wosungunulidwa kwambiri. Timadonthoti timapanga chifunga chotuwa chophimba dzuwa, ndipo mvula ikagwa imatitsitsira pa mbewu, pa malata ndi m'migolo.

Chifukwa chimene utsi umakanira kukwera

Funso lenileni ndi ili: pakamwa pa phiri pali kumwamba kwambiri, ndipo mpweya umatuluka uli wotentha, choncho umayenera kukwera. Nanga umafika bwanji pamphuno za anthu okhala m'munsi? Kuti muyankhe simufunika pasipoti. Dzukani cha m'ma 5 koloko m'mawa mwezi wa Juni kapena Julayi, muime pamalo okwera mu Lilongwe, muyang'ane kumene kuli Kawale, Biwi ndi Mchesi, kapena Chinsapo ndi zigwa za mtsinje wa Lilongwe ndi Lingadzi.

Mudzaona utsi wa mbaula, wa nkhuni za ophika mandasi, wa zinyalala zimene wina anayatsa dzulo madzulo, wa mauvuni a njerwa, wonse utayala pamwamba pa madenga, wosalala ngati wayezedwa ndi chingwe. Sukukwera. Pamwamba pake kumwamba kuli mbee. Pofika 9 koloko wapita.

Chimachitika n'chakuti usiku wopanda mitambo nthaka imataya msanga kutentha kwake. Mpweya wogundana ndi nthakayo umazizira, umalemera, n'kuyamba kutsetsereka pang'onopang'ono kulowera kumalo otsika. N'chifukwa chake alimi a m'madimba amadandaula chisanu kuposa a kumtunda. Pamwamba pa mpweya wozizirawo pamakhala wina wofundirapo. Utsi umakwera pokhapokha ngati uli wotentha kuposa mpweya wouzungulira, ndiye ukangofika pa wofundawo umaima. Mpweya wofundawo uli ngati chivundikiro pa mphika: zonse zimene mzinda wapsereza usiku zimangozungulira m'kati. Dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweya wapansi umayamba kukwera, chivundikirocho chimasweka, ndipo utsi umabalalika. Mu Okutobala, nthaka ikamatentha mpaka akamvulumvulu kumanyamula mapepala a shuga ku Area 25, mpweya masana umasakanikirana mpaka kutali m'mwamba, ndipo vuto la nyengo imeneyo limakhala fumbi.

Paphiri lophulika zimenezi zimachitika m'njira zitatu, ndipo zonse zimathera pakhomo pa munthu. Yoyamba ndi ya usiku: mpweya wozizira wotsetsereka m'mbali mwa phiri umatenga mpweya wa sulufule wotuluka m'ming'alu n'kutsika nawo m'makwawa mpaka kumidzi. Yachiwiri ndi ya mphepo yamphamvu, imene imapinda utsi pakamwa penipeni pa phiri n'kuukanikizira kutsidya, kotero kuti umakwawa m'mbali mwa phiri m'malo mokwera. Yachitatu ndi yodabwitsa, chifukwa imabwera kunja kutacha bwino. Usiku utsi ukhoza kuyandama pamwamba pa chivundikiro chija osavutitsa munthu. M'mawa mpweya wapansi ukayamba kutakasika, umafika pamene pali utsiwo n'kuutsitsa wonse nthawi imodzi. Ana akufola pa asembule, dzuwa likuwala, mwadzidzidzi sukulu yonse ikutsokomola.

Apa ndiye pali mfundo imene anthu amaiphonya. Kutalika kwa mtunda pakati pa nyumba ndi phiri sikunena zambiri. Mudzi wa makilomita 5 kumene mphepo ikuchokera ukhoza kupuma mpweya wabwino chaka chonse, pamene wa makilomita 30 kumene mphepo ikulowera ukupsa. Choyamba kufunsa ndi kumene mphepo imaomba, ndiponso ngati nyumbayo ili pachitunda kapena m'chigwa.

Kumadzulo kwa Nyiragongo

Ku Goma mphepo ya pamsinkhu wa mapiriwo kawirikawiri imachokera kum'mawa. Utsi wa Nyiragongo ndi Nyamuragira umalowera chakumadzulo, kudutsa pamwamba pa midzi monga Rusayo, tauni ya Sake, mapiri a Masisi, mpaka ku nkhalango yaikulu ya Congo. N'chifukwa chake ife a ku Lilongwe sitiumva. Pamene utsiwo ukanatembenukira kummwera n'kuyenda mtunda wonsewo, mvula ndi chinyontho zikanakhala zitautsuka kale, popeza mpweya wa sulufule m'munsi muno sukhalitsa kupitirira masiku ochepa.

Anthu a m'midzi imeneyo ali pamavuto amene sajambulidwa pa kanema. Derali ndi la miyala ya chiphalaphala chakale imene imameza madzi, choncho mitsinje ndi zitsime n'zosowa ndipo mabanja ambiri amadalira madzi a mvula otchera padenga. Madziwo akadutsa mu utsi amakhala aasidi ndiponso ochuluka fuloraidi, amene amathimbiriritsa mano a ana. Masamba a nthochi, nyemba ndi mbatata amawauka. Malata amachita dzimbiri msanga. Nyamuragira, amene waphulika maulendo oposa 40 kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, akaphulika amamwaza phulusa ndi timaulusi ta galasi pa msipu, ndipo ng'ombe zikadya zimadwala, zina kufa.

Pali mpweya wachiwiri umene tiyenera kuusiyanitsa bwino ndi woyambawo, chifukwa njira yodzitetezera si imodzi. M'mbali mwa nyanja ya Kivu, pakati pa Goma ndi Sake, muli malo amene carbon dioxide imatuluka mwakachetechete m'nthaka n'kudikha m'maenje ndi m'zigwembe. Anthu akumeneko amawatcha mazuku. Mpweya umenewu sununkha, suyabwa, suchenjeza. Munthu wamkulu akhoza kudutsa ataimirira osamva kanthu, koma mwana, mbuzi, kapena munthu amene wagona pansi kuti apumule sadzukanso. Othawa nkhondo, amene sadziwa malo ndipo amamanga misasa paliponse pamene apeza mpata, ndiwo amagweramo kawirikawiri.

Pa 17 Januwale 2002 Nyiragongo anang'ambika m'mbali ndipo chiphalaphala chinadula mzinda wa Goma pakati, kukwirira gawo la msewu wa ndege, mpaka kukathira m'nyanja. Pa 22 Meyi 2021, Loweruka madzulo, zinachitikanso, koma chiphalaphala chinaima chisanafike pabwalo la ndege. Anthu oposa 30 anamwalira, ndipo ena mwa iwo anabanika ndi mpweya poyesa kuwoloka chiphalaphala chimene pamwamba chinkaoneka kuti chazizira. Masiku otsatira makoma a chigwembe cha pamwamba anayamba kugumukira m'kati, phulusa linafuka, ndege zinaima. Pa 27 Meyi akuluakulu analamula anthu a m'madera ena a mzindawo kuti asamuke, ndipo chinamtindi cha anthu chinayenda pansi kupita ku Sake, mbali yomweyo kumene utsi umakonda kulowera.

Kwa abale athu a ku Zambia nkhani ya mpweya wa sulufule siifuna phiri. Miyala ya mkuwa ya ku Copperbelt ili ndi sulufule wambiri, ndipo poisungunula amatuluka mpweya womwewu. Ku Mufulira, kumene ng'anjo yosungunulira mkuwa inayamba ntchito m'zaka za m'ma 1930, pamene Anyasa ambiri ankapita kukafuna ntchito m'migodi, anthu a m'komboni ya Kankoyo akhala zaka makumimakumi pansi pa utsi umene iwo amautcha senta. Dothi lakumeneko linafika pokana ndiwo zamasamba, ndipo malata amadyeka. Pa 31 Disembala 2013 Beatrice Miti, amene anali bwanamkubwa wa boma la Mufulira, anakomoka pa mapemphero a usiku atapuma utsiwo, n'kumwalira. Mu 2020 khoti lalikulu kwambiri la Zambia linagamula kuti kampani ya Mopani Copper Mines ilipire banja lake. Phiri simungalitengere kukhoti. Chumuni ili ndi mwini wake.

Phulusa limene si phulusa

Phulusa la pamoto ndi lofewa, ndipo amayi amalisungunula kupanga chidulo. La phiri ndi chinthu china. Ndi miyala ndi galasi zophwanyika, zosapitirira mamilimita 2 kukula kwake, zakuthwa, zosasungunuka m'madzi. Likalowa m'maso osatikita. Kutsuka ndi madzi basi. Limakanda magalasi a galimoto, limatseka zosefera mpweya za injini, ndipo likanyowa limayendetsa magetsi, n'kuzimitsa matransifoma. Kulemera kwake ndiye kumapha. Phulusa lonyowa lochindikala masentimita 10 likhoza kupitirira makilogalamu 100 pa sikweya mita iliyonse ya denga. Pamene Pinatubo anaphulika ku Philippines pa 15 Juni 1991, tsiku lomwelo kunadutsa namondwe wa Yunya, phulusa linanyowa, ndipo ambiri amene anafa tsikulo anapsinjidwa ndi madenga a nyumba zimene anathawiramo. Ganizani za mapaso a bulugamu ndi malata opyapyala a nyumba za lendi za ku Mgona kapena ku Area 23.

Ulendo wa phulusa umadalira zinthu ziwiri: kukula kwa tizidutswa, ndi msinkhu umene kuphulikako kwaliponya. Zikuluzikulu zimagwa pafupi m'mphindi zochepa. Zosalala kwambiri zimatsala m'mwamba masiku. Ndipo mphepo si imodzi. Ife timadziwa mwera wa kummwera chakum'mawa umene umavutitsa asodzi pakati pa chaka, mpoto wa nyengo yotentha, ndi mpweya wachinyontho wa ku Congo umene a zanyengo amautchula pa wailesi m'dzinja. Zimenezi ndi mphepo za m'munsi. Makilomita 5 kapena 10 m'mwamba mphepo ikhoza kumalowera kwina kotheratu, ndipo mukayang'anitsitsa tsiku lina mudzaona mitambo yapansi ikupita uku, yapamwamba ikupita uko. Choncho mtambo umodzi wa phulusa umatha kugawikana, gawo lapansi kupita kumadzulo, lapamwamba kum'mawa. Nthawi zina mpweya wa sulufule umasiyana njira ndi phulusa limene unatuluka nalo.

Kuphulika kukakhala kwamphamvu kwambiri, mpweyawo umadutsa msinkhu wa mitambo ya mvula, umene kuno kotentha uli cha pa makilomita 16 kapena 17. Kumeneko kulibe mvula youtsuka. Pinatubo anaponya matani oposa 15 miliyoni a mpweya wa sulufule kumtunda kumeneko, chifunga chake chinazungulira dziko lapansi m'masabata atatu, ndipo kutentha kwa dziko lonse kunatsika ndi pafupifupi theka la digiri kwa chaka choposa chimodzi. Popeza chilala cha 1992 chinabwera nthawi yomweyo, n'kosavuta kuloza chala phirilo, koma akatswiri amachigwirizanitsa makamaka ndi El Niño.

Amene amaopa phulusa la m'mwamba kuposa aliyense ndi oyendetsa ndege. Usiku wa pa 24 Juni 1982 ndege ya British Airways ya mtundu wa Boeing 747, yochoka ku Kuala Lumpur kupita ku Perth, inalowa mu mtambo wa phulusa la phiri la Galunggung ku Indonesia osadziwa, chifukwa rada ya ndege imaona madontho a madzi, osati fumbi louma. Mainjini onse anayi anazima. M'kati mwa injini ya jeti mumatentha kuposa pamene galasi la phulusa limasungunukira, ndiye limasungunuka n'kukamatirira kumbuyo kozizirirapo, kutseka njira ya mpweya. Kaputeni Eric Moody anatsika nayo ndegeyo ili zii kwa mphindi zingapo mpaka mainjini anadzukanso, n'kukatera ku Jakarta, galasi lakutsogolo litakandika moti sankaona bwino. Palibe anafa. Ngozi zotere ndi zimene zinachititsa kuti pakhazikitsidwe malo 9 padziko lonse olondola mitambo ya phulusa ndi kuchenjeza ndege. Africa amayang'aniridwa kuchokera ku Toulouse, ku France, ndipo chenjezo lawo limafika kwa a zanyengo ndi oongolera ndege m'mabwalo monga la Kamuzu ku Lumbadzi.

Umu ndi mmene phiri lakutali limakhudzira munthu wa ku Biwi amene sanakwerepo ndi phiri la Ngwenya lomwe. Mu Epulo 2010 Eyjafjallajökull wa ku Iceland anatseka mlengalenga wa ku Ulaya pafupifupi sabata yathunthu, maulendo a ndege pafupifupi 100,000 analephereka, ndipo ku Naivasha ku Kenya maluwa ndi ndiwo zamasamba zopita ku Ulaya zinatayidwa, antchito n'kuuzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Mu Juni 2011 phulusa la Puyehue-Cordón Caulle ku Chile linawoloka nyanja ya Atlantic n'kuimitsa ndege ku Cape Town. Mwezi womwewo Nabro wa ku Eritrea anasokoneza maulendo a kumpoto chakum'mawa kwa Africa. Mu Novembala 2025 Hayli Gubbi wa ku Ethiopia, amene palibe mbiri yolembedwa yonena kuti anaphulikapo, anaponya phulusa limene linadutsa Yemen ndi Oman mpaka kukalepheretsa ndege ku India. Dziko lopanda doko ngati lathu, limene maulendo ake akutali amadzera ku Addis Ababa, Nairobi ndi Johannesburg, silingati zimenezi n'za eni.

Kuyeza pamene pali mphuno

Masiku ano mpweya wa sulufule umaoneka kuchokera kumwamba. Setilaiti ya Sentinel-5P, imene inaponyedwa mu Okutobala 2017, imajambula dziko lonse tsiku lililonse, ndipo pa mapu ake a Africa malo owala kwambiri ndi mapiri awiri a ku Goma aja, ndi dera la Mpumalanga ku South Africa, kumene kuli malo opangira magetsi ndi malasha, kufupi ndi kumene Amalawi ambiri a ku Joni amakhala. Koma setilaiti imawerenga mpweya wonse kuchokera pansi mpaka kumwamba ngati mulu umodzi, ndipo imadutsa kamodzi patsiku, masana, nthawi imene chivundikiro chija chasweka kale. Siingakuuzeni bwinobwino zimene mwana anapuma 6 koloko m'mawa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo, ndipo pa nkhani ya mpweya mawuwa ndi oona ndendende.

Chitsanzo cha kuyeza kothandiza anthu chili pachilumba cha Miyakejima ku Japan. Phiri lakumeneko litayamba kutulutsa mpweya wa sulufule wochuluka m'chaka cha 2000, anthu onse anasamutsidwa, ndipo anabwerera mu Febuluwale 2005 phirilo lisanaleke. Boma linaika zoyezera m'midzi mozungulira chilumbacho, pamsinkhu wa anthu, ndi zimkuzamawu zolengeza mpweya ukakwera. Aliyense ankayenda ndi chophimba kumaso chosefa mpweya, ndipo madera amene mphepo imakonda kulowera analetsedwa kukhalamo. Tinene pano kuti masiki ansalu ndi a kuchipatala amene tinazolowera nthawi ya Covid-19 amachepetsako phulusa koma mpweya wa sulufule umadutsa. Ukafika, chothandiza ndi kulowa m'nyumba, kutseka mazenera, kusiya ntchito yolemetsa, kuvundikira migolo ya madzi, ndipo wamphumu akhale ndi mankhwala ake opopera pafupi. Ngati n'kuchoka, muchoke modutsa mphepo cham'mbali, osati kuthawira kumene ikupita.

Mu Lilongwe sulufule alipo, koma si iye mdani wamkulu. Amachokera mu utsi wa dizilo wa malole, maminibasi ndi majenereta, m'malasha amene mafakitale ena amawotcha, ndi m'matayala amene anthu amayatsa. Makala ndi nkhuni zili ndi sulufule wochepa. Choopsa chawo ndi timwaye tosaoneka timene timalowa mpaka m'kati mwa mapapo, ndi carbon monoxide, uja amapha banja lonse likagona ndi mbaula m'nyumba yotseka usiku wa chisanu. Komabe malamulo a kayendedwe ka utsi ndi omwe aja a ku Goma ndi ku Kankoyo, ndipo amanena momveka kumene choyezera chiyenera kukhala. Malawi ali ndi lamulo la zachilengedwe la 2017 limene linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, ndipo zoyezera zing'onozing'ono za utsi zatsika mtengo moti sukulu ya sekondale ikhoza kukhala nacho chimodzi. Chikaikidwa padenga la ofesi ku Capital Hill, pachitunda, pakati pa mitengo, chidzanena kuti mzinda uli bwino. Malo ake ndi pakhoma la sukulu ku Mgona, moyang'anana ndi Kanengo, pa depoti ya maminibasi, ndi m'chigwa cha ku Chinsapo, mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, ndipo manambala oyamba kuwerengedwa akhale a pakati pa 5 ndi 8 koloko m'mawa mu Juni ndi Julayi.